MBRS, Msonkho Online ndi layisensi ya khonsolo: kodi ukamaliza zonsezi umatsala ndi mphamvu zolemba munthu ntchito?

Mwa maofesi onse omwe munthu woyamba bizinesi m'Malawi amadutsamo, omwe asintha kwambiri m'zaka zapitazi ndi awiri. Ofesi ya Registrar General tsopano imalembetsa mabizinesi kudzera pa tsamba la pa intaneti la MBRS, ndipo bungwe lotolera misonkho la MRA lidasamutsira ntchito zake zambiri pa Msonkho Online. Ndemanga ino ikuunika ntchito ziwirizi pamodzi ndi zomwe zimatsatana nazo, monga layisensi ya khonsolo, chiphaso cha MBS (bungwe loona za miyezo ya katundu) ndi malamulo a pantchito, chifukwa kwa mwini golosale, chigayo kapena bekale zonsezi ndi ulendo umodzi. Tikuziyeza ndi funso limodzi: munthu akadutsa monsemu, amatsala ndi mpamba komanso mtima wolemba mnzake ntchito?

Tiyambe ndi chigamulo. Kulembetsa dzina la bizinesi kwapepuka ndipo ndalama yake siyopweteka. Chomwe chikufooketsa mabizinesi ang'onoang'ono si satifiketi ija ayi, koma zobwera pambuyo pake: misonkho yodulidwa phindu lisanaoneke, maofesi osauzana kanthu, ndi mtengo weniweni wa wantchito woyamba, womwe ambiri amaudziwa tsiku lomwe aitanidwa ku ofesi ya zantchito.

MBRS: apa boma lachita bwino

Kalembera wa mabizinesi amayendera malamulo awiri. Business Registration Act ya 2012 ndi ya munthu wochita bizinesi payekha kapena anthu ochepa ogwirizana, pomwe Companies Act ya 2013, yomwe idayamba kugwira ntchito mu 2016, ndi ya makampani. Kale munthu wa ku Karonga kapena ku Nsanje ankakwera basi kupita mumzinda, kukadzaza mafomu pamanja, kubwerera kwawo, n'kudzapitanso kukafunsa ngati satifiketi yatuluka. Thiransipoti ndi malo ogona zinkadya ndalama zambiri kuposa kalembera mwiniwakeyo. MBRS yachotsa maulendo amenewa, ndipo pa ichi chokha ikuyenera kuyamikiridwa.

Ndondomeko yake ndi yachidule. Mumatsegula akaunti pa tsambalo ndi imelo komanso nambala yanu ya foni. Mumafufuza ngati dzina lomwe mukufuna lilipo kale. Mumasankha mtundu wa bizinesi, n'kulemba zomwe izichita, komwe ili ndi adiresi yake, kenako mumatumiza chithunzi cha chitupa chanu cha unzika. Tsambalo limatulutsa invoisi yokhala ndi nambala yakeyake, mumalipira, ndipo ofesi ikavomereza mumatenga satifiketi n'kukaisindikiza. Ngati ndi kampani, mumaonjezera mayina ndi zitupa za madairekitala, mayina a eni masheya ndi kuchuluka kwa masheya a aliyense, komanso, potsatira malamulo a 2022, dzina la munthu weniweni yemwe akupindula ndi kampaniyo ngakhale atabisala kuseri kwa mayina a ena.

Mapepala ambiri amakanidwa pa zifukwa zazing'ono zomwe munthu angazipewe. Choyamba ndi dzina. Mayina othera ndi "General Dealers", "Investments" ndi "Enterprises" adadzaza kale kaundula, ndiye mukangoika dzina la kubanja kwanu kutsogolo, mwayi woti likufanana ndi la wina ndi waukulu. Konzekerani mayina atatu osiyana kwenikweni, osati dzina limodzi losinthidwa chilembo. Mawu opereka chithunzi choti bizinesiyo ndi ya boma, kapena kuti ndi banki, amafuna chilolezo chapadera, asiyeni. Chachiwiri ndi kalembedwe ka dzina lanu: lembani monga momwe lilili pa chitupa cha NRB, chilembo ndi chilembo. Ngati chitupa chikuti Chimwemwe ndipo inu mwalemba chidule chomwe anzanu amakuitanirani, vutolo silithera pa MBRS, lidzakutsatani ku MRA ndi kubanki. Chachitatu ndi kulipira popanda kutchula nambala ya invoisi. Ndalama imalowa ndithu, koma palibe chomwe chikuilumikiza ndi pempho lanu, ndipo mumakhala mukudikira satifiketi yomwe kompyuta ikuiona ngati sinalipiridwe.

Vuto lalikulu kuposa onsewa silioneka tsiku lolembetsa. Anthu ambiri amapereka ntchitoyi kwa dobadoba kapena mnyamata wa pa kafe ya intaneti, yemwe amatsegula akaunti ndi imelo yake ndi foni yake. Satifiketi imatuluka bwinobwino, mwini bizinesi n'kumapita akusangalala. Pakatha chaka kapena ziwiri, pakafunika kusintha adiresi, kuonjezera dairekitala kapena kutumiza malipoti a pachaka, mpamene amazindikira kuti makiyi a bizinesi yake ali m'manja mwa munthu yemwe adasintha nambala kalekale. Kuthandizidwa si kulakwa, koma imelo, nambala ya foni ndi mawu achinsinsi zikhale zanu, ndipo mukhalepo pomwe akutsegula akauntiyo.

Madobadoba sakutha chifukwa tsambalo lili m'Chingerezi chokhachokha, ndipo ndi Chingerezi cha maloya. Mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe kapena bambo wa chigayo ku Mponela amadziwa bwino bizinesi yake, koma sangasankhe bwino pakati pa mitundu ya kalembera yomwe palibe adamufotokozera m'chilankhulo chake. Mafomu aatali ndi ovutanso kudzaza pa foni yaing'ono, ndipo netiweki ikaduka pakati pa kutumiza chithunzi, bandulo yapita. Malangizo a m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa tsamba lomwelo akadachepetsa vutoli ndi ndalama zochepa kwambiri.

Funso lomwe limasokoneza ambiri ndi loti alembetse dzina la bizinesi kapena kampani. Kampani imamveka yaulemu, ndipo lamulo la 2013 limalola munthu mmodzi kukhala ndi kampani yakeyake. Ubwino wake weniweni ndi woti ngongole za kampani si zanu: zinthu zikavuta, nyumba yanu ndi njinga yanu sizigwidwa, pokhapokha ngati mudasainira banki kuti mudzabweza inuyo, zomwe mabanki ambiri amafunabe kwa makampani ang'onoang'ono. Koma kampani imafuna malipoti a pachaka ku Registrar General, mabuku a ndalama olongosoka, ndi msonkho wa 30 peresenti pa phindu kuyambira kwacha yoyamba. Munthu wochita bizinesi m'dzina lake amakhoma msonkho monga munthu, ndipo gawo loyamba la ndalama zake silikhomedwa. Kwa saluni, golosale kapena shopu yowotcherera zitsulo yomwe ikungoyamba, dzina la bizinesi ndi lokwanira. Kampani idzabwera mukadzapeza woika naye ndalama kapena kontrakiti yaikulu yofuna zimenezo. Ndipo yang'anani pa satifiketi yanu ngati pali tsiku lomwe ikutha mphamvu, chifukwa ambiri amaizindikira kuti idatha tsiku lotseka tenda.

Pali umboni woti anthu sadana ndi kalembera. Akatswiri a World Bank adachita kafukufuku pa mabizinesi pafupifupi 3,000 osalembetsedwa mu Lilongwe ndi Blantyre. Omwe adathandizidwa kulembetsa mwaulere, pafupifupi atatu mwa anayi alionse adatenga satifiketi. Koma omwe adapatsidwanso mwayi wolembetsa ku MRA, ndi ochepa zedi omwe adavomera. Satifiketi payokha sidakweze malonda. Omwe malonda ndi phindu lawo zidakwera ndi omwe adalumikizidwanso ndi banki n'kutsegula akaunti ya bizinesi. Kafukufuku wa FinScope wa 2019 adapezanso kuti pafupifupi mabizinesi ang'onoang'ono 9 mwa 10 alionse m'dziko muno ndi osalembetsedwa. Anthu akuwerengera, ndipo akuona kuti mantha ali ku msonkho pomwe phindu lili ku akaunti ya kubanki. Choncho satifiketi ikatuluka, musakaikhome pakhoma n'kukhala. Pitani nayo kubanki sabata yomweyo, ndalama za bizinesi zisiyane ndi za ndiwo.

Msonkho Online: makina abwino, kalendala yosakhululuka

TPIN, nambala yomwe MRA imapereka kwa wokhoma msonkho, ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti ituluke msanga, akukuberani. Mumafunika satifiketi ya bizinesi, chitupa cha unzika ndi adiresi yeniyeni ya komwe mukuchitira malonda. Mukaipeza mumatsegula akaunti pa Msonkho Online, pomwe mumatumizira malipoti, kutenga nambala yolipirira ndi kuona ngati muli ndi ngongole. Poyerekeza ndi masiku oima pamzere ku Msonkho House ndi mafomu m'manja, izi ndi zabwino, makamaka chifukwa mumaona nokha zomwe MRA ikuganiza kuti muli nazo ngongole, osadikira kalata.

Pamene ambiri amagwa ndi posankha mitundu ya misonkho. Mtundu uliwonse womwe walembedwa pa TPIN yanu umabwera ndi tsiku lake. PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) pamodzi ndi msonkho womwe mwadula polipira ena ziyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. VAT ndi pa 25. Msonkho wongoyerekeza wa pa phindu umalipidwa miyezi itatu iliyonse, ndipo lipoti la chaka chonse limafunika pasanathe masiku 180 chaka chanu cha ndalama chitatha. Ngakhale mwezi umenewo simudagulitse kanthu, lipoti losonyeza kuti palibe chomwe chalowa liyenera kupitabe. Kompyuta sidziwa kuti shopu idatsekedwa chifukwa cha maliro kapena kuti katundu adakakamira pa boda ya Mwanza. Imangoona lipoti losabwera n'kuwerengera chindapusa. Munthu yemwe adalembetsa PAYE asanalembe wantchito aliyense, pongofuna kuoneka wokonzeka, wadzipatsa ntchito ya mwezi ndi mwezi yopanda phindu. Walira mvula walira matope, ndiye lembetsani mtundu wa msonkho womwe ukukukhudzani lero lokha. Ndipo musadikire tsiku lomaliza: pa 14 ndi pa 25 aliyense amakhala pa tsamba lomwelo, ndipo kuchedwa kwa netiweki sikufafaniza chindapusa.

Kwa mabizinesi aang'ono kwambiri, boma lidabweretsa mu 2021 msonkho wokhazikika wa pachaka kwa omwe malonda awo safika K12.5 miliyoni. Ganizo lake ndi labwino, chifukwa munthu safunika akauntanti kuti awerengere phindu. Koma malire otere amadyedwa ndi kugwa kwa kwacha. Ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo golosale yomwe ikugulitsa mabelo a shuga omwewo ndi mabotolo a mafuta ophikira omwewo imapezeka yadumpha malire popanda kukula ngakhale pang'ono. Malire a VAT nawonso adakwezedwapo kuchoka pa K10 miliyoni kufika pa K25 miliyoni pachaka. Manambala amenewa amasintha ndi bajeti, choncho bajeti ikawerengedwa ku Nyumba ya Malamulo, mwini bizinesi azifunsa malire atsopano.

Msonkho womwe umafinya kwambiri mpamba wa woyamba kumene ndi wodulidwiratu polipidwa. Tiyerekeze kuti mwaperekera sukulu kapena bungwe katundu wa K5,000,000. Wogulayo amadula 3 peresenti, K150,000, n'kuitumiza ku MRA m'dzina lanu. Ngati phindu lanu pa odayo ndi K500,000, msonkho wa 30 peresenti ndi K150,000 yomweyo, ndiye palibe chatayika. Koma ambiri operekera katundu amapikisana pamitengo moti phindu limatsika kufika pa 5 peresenti, K250,000. Msonkho woyenera pamenepo ndi K75,000, koma yadulidwa K150,000. K75,000 yotsalayo ndi yanu ndithu, ndipo idzawerengeredwa pa msonkho wanu wa pachaka, koma kufikira tsikulo siili m'manja mwanu kuti mupikulire katundu wina. Ogulitsa ntchito za manja ndi za ukatswiri amadulidwa kwambiri kuposa apa. Mankhwala ake ndi chiphaso chokuchotsani pa msonkho wodulidwiratuwu, koma MRA imachipereka kwa omwe ali ndi mbiri yabwino ya malipoti, kutanthauza kuti woyamba kumene, yemwe akusowa kwambiri ndalama yozungulira, ndiye amachipeza movutikira. Pomwe mukudikira, musachoke kwa kasitomala popanda satifiketi yosonyeza kuti wadula zingati, ndipo muonetsetse kuti walemba TPIN yanu molondola. Popanda umboni umenewo, ndalama yodulidwayo simungaiwerengere pa msonkho wanu.

VAT ili ndi msampha wofanana. Msonkhowu udakhala pa 16.5 peresenti kwa zaka zambiri, ndipo tigwiritsa ntchito mlingo umenewo pa chitsanzochi. Inu muike wa bajeti yaposachedwa. Mwaperekera shopu yaikulu chiponde cha K10,000,000 chomwe chimalipira VAT, n'kulemba invoisi pa 28 March. VAT ya K1,650,000, kuchotsapo yomwe inu mudalipira pogula zipangizo, ikufunika ku MRA pofika pa 25 April. Shopuyo mwina idzakulipirani pakatha masiku 60. Mwalipira msonkho pa ndalama yomwe simunailandire, mwina potenga ngongole yachiwongoladzanja chokwera. Kampani yaikulu imapirira zimenezi. Bizinesi ya antchito anayi imachedwetsa malipiro a antchitowo. N'chifukwa chake kulembetsa VAT mwakufuna kwanu musanafike pamalire kumathandiza pokhapokha ngati makasitomala anu ndi makampani omwe nawonso adalembetsa VAT, ndipo amalipira msanga. Ngati mumagulitsa kwa anthu wamba, mwangodzikwezera mitengo pamaso pa mnzanu wa shopu yoyandikana nayo.

Wolembetsa VAT amayeneranso kupereka risiti yovomerezeka ndi MRA. Kuyambira mu 2014 izi zinkachitika ndi makina a EFD omwe wamalonda ankagula yekha, ndipo pambuyo pake bungweli lidayamba kulowetsa m'malo mwake njira ya pa intaneti ya EIS, yomwe imatumiza invoisi iliyonse ku MRA. Kwa wamalonda woona mtima pali ubwino: mnzake wozemba VAT sangamugonjetsenso pamtengo mosavuta, ndipo mabuku a katundu amalongosoka. Koma njirayi ikudalira magetsi, netiweki ndi munthu wodziwa kulowetsa katundu yense m'kompyuta, zinthu zomwe pa Jenda kapena pa Ntaja si zongoganizira.

Zonsezi zimakathera pa chiphaso chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Popanda icho simungapikisane pa tenda ya boma kapena kusintha umwini wa malo. Lipoti limodzi loiwalika la zaka ziwiri zapitazo likhoza kuchiimitsa. Chipempheni nthawi ikadalipo, osati sabata yotseka tenda.

Khonsolo ndi MBS

Satifiketi ya Registrar General imangonena kuti bizinesi yanu ilipo. Sikupatsani chilolezo chotsegula chitseko. Chilolezocho ndi layisensi ya khonsolo, yomwe imalipidwa chaka ndi chaka ndipo mtengo wake umasiyana malinga ndi khonsolo komanso mtundu wa malonda. Apa ndi pomwe ulendo umabwerera ku mapepala ndi mizere. Khonsolo imafunanso makope a satifiketi ndi TPIN zomwe boma lomwelo lidapereka, chifukwa makompyuta a maofesiwa sauzana. Wogulitsa zakudya amayenderedwa ndi a zaumoyo, omwe amayang'ana madzi, chimbudzi, potayira zinyalala ndi ziphaso zachipatala za ogwira chakudya. Mowa uli ndi layisensi yakeyake. Cholakwika chodula kwambiri ndi kulipira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi musanafunse ngati malowo amaloledwa kuchitirapo malonda amtunduwo. Funsani khonsolo kaye, landilodi pambuyo. Ndalama iliyonse yomwe mwapereka ituluke ndi risiti ya khonsolo. Kangachepe koperekedwa pakhomo sikakutetezani gulu lina likabwera mwezi wamawa.

Wopanga zinthu, monga chiponde, uchi, juwisi wa malambe, sopo kapena mafuta a mpendadzuwa, amakumananso ndi MBS, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972. Miyezo iwiri yomwe wopanga zakudya aliyense ayenera kuidziwa ndi MS 21, ya ukhondo wa malo opangira, ndi MS 19, ya zolemba pa paketi. Oyendera amafuna pansi ndi makoma otsukika, mawindo okhala ndi sefa, posamba m'manja, njira yoti zipangizo zosaphika zisakumane ndi katundu womalizidwa, ndi mabuku osonyeza tsiku lomwe gulu lililonse la katundu lidapangidwa. Zitsanzo zimapita ku labotale, ndipo pa chiponde chomwe chimagwetsa ambiri ndi chuku cha mtedza wosaumitsidwa bwino. Musasindikize malebulo masauzande musanawaonetse: lebulo yosowa kulemera kwa katundu, mndandanda wa zomwe zilimo, adiresi ya wopanga kapena tsiku lotha ntchito imabwezedwa, ndipo ndalama ya osindikiza sibwerera. Lamulo ili ndi lodula kwa woyamba, koma mwa malamulo onse omwe tatchula ndi lomwe limabweza ndalama mooneka, chifukwa chizindikiro cha MBS ndicho chimatsegula mashelefu a masitolo akuluakulu, ndipo oda ya sitolo yotero ndi yomwe imachititsa munthu kulemba antchito ena.

Wantchito woyamba amadya zingati

Apa ndi pomwe nkhani ya malamulo ndi ntchito imaonekera bwino. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka adali K50,000 pamwezi kuyambira mu 2021, adakwera kufika pa K90,000 mu 2024, kenako K126,000 mu 2025. Magulu ena, monga antchito apakhomo ndi madalaivala a mathiraki, ali ndi milingo yawoyawo, choncho onani gulu la antchito anu. Titenge K126,000 ya mu 2025 ija. Lamulo la penshoni limati bwana aike 10 peresenti, K12,600, ndipo wantchito adulidwe 5 peresenti, K6,300. Msonkho wa TEVET, wothandizira maphunziro a ntchito zamanja, ndi 1 peresenti ya malipiro, K1,260, ndipo amatolera ndi a MRA. Pamenepa bwana watulutsa K139,860, wantchito walandira K119,700. PAYE palibe pa malipiro amenewa, chifukwa gawo losakhomedwa msonkho lidakwezedwa kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 mu 2024.

Sizinathe. Lamulo lomwelo la penshoni limafuna inshuwalansi ya moyo yokwana malipiro a chaka chimodzi a wantchitoyo. Employment Act ya 2000 imapereka tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka kwa wogwira masiku 6 pasabata ndi masiku 15 kwa wogwira masiku 5, tchuthi chauchembere cha masabata 8, ndi malire a maola 48 pasabata. Ovataimu ya tsiku wamba ndi malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pomwe ya tsiku lopuma kapena la holide ndi kawiri. Mukachotsa munthu chifukwa bizinesi yavuta, mumamulipira masabata awiri pa chaka chilichonse mwa zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi kupitirira apo. Pa malipiro a K126,000, masabata awiri ndi pafupifupi K58,000, ndiye wanzeru amasunga pafupifupi K4,850 mwezi uliwonse. Mtengo weniweni wa wantchito wa K126,000 uli pafupi ndi K145,000, inshuwalansi isanalowe. Antchito asanu ndi K725,000 mwezi uliwonse, malonda ayende asayende.

Palibe mwa malamulowa lomwe tinganene kuti ndi lopanda pake. K119,700 ndi yochepa kwa munthu wolipira lendi mu Ndirande kapena ku Area 25, ndipo penshoni ndi yomwe imasiyanitsa ukalamba wa ulemu ndi wopemphetsa. Vuto ndi loti mtolo wonsewu umagwa nthawi imodzi, pa wantchito woyamba, ndipo uli m'maofesi osiyanasiyana: PAYE ndi TEVET ku MRA, penshoni ndi inshuwalansi ku kampani ya penshoni, kalembera wa malo antchito ku unduna wa zantchito. Palibe tsamba limodzi lomwe limauza bwana watsopano kuti zonse ndi izi, mtengo wake ndi uwu. Zotsatira zake tonse timaziona: mwini shopu amaitana mphwake kuchokera kumudzi, kapena amalemba aganyu n'kumawasintha miyezi ingapo iliyonse. Ntchito ilipo, koma siwerengedwa paliponse, ilibe penshoni, ndipo munthu wosinthidwasinthidwa saphunzira luso lomwe lingakuze bizinesiyo.

Njira ya ganyu wosatha nayonso ili ndi mtengo wake. Munthu yemwe wagwira ntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri, pa maola omwe inu mwaika ndi zipangizo zanu, khoti la Industrial Relations likhoza kumuona ngati wantchito ngakhale palibe pepala lomwe mudasainirana. Milandu yambiri mabwana amaluza osati chifukwa choti analibe chifukwa chochotsera munthu, koma chifukwa sadamupatse mpata woti adziteteze. Lamulo limafuna zinthu ziwiri, chifukwa chomveka ndi kumumva munthuyo. Kalata yomuitana, tsiku lokambirana, mboni, ndi zolemba za zomwe zidakambidwa ndi zinthu zinayi zomwe zingakupulumutseni ku chipukuta misozi cha miyezi yambiri. Mupatseni kalata ya ntchito tsiku loyamba yonena malipiro, maola ndi tchuthi, ndipo azisainira malipiro mwezi uliwonse. Ndalama ya penshoni yomwe mwadula itumizidwe pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Kuigwiritsa ntchito popikula katundu ndi ngongole yomwe imakula ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa.

Mphotho yomwe boma limalonjeza olembetsa ndi matenda aboma. Lamulo la 2017 lomwe lidakhazikitsa PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, pamodzi ndi lamulo la 2020 lokondera mabizinesi ang'onoang'ono, adatsegula mpata weniweni, ndipo kuti muulowe mumafunika satifiketi ya bizinesi, TPIN, chiphaso cha msonkho ndi kalembera wina ku PPDA komweko. Koma tenda imafuna mpamba woti mupereke katundu n'kudikira, ndipo nkhani ya ngongole zomwe boma limakhala nazo kwa operekera katundu ndi yodziwika kwa aliyense wowerenga nyuzi. Osalemba antchito okhazikika podalira LPO (kalata yooda katundu) imodzi. Lembani podalira makasitomala omwe amalipira mwezi ndi mwezi.

Tikaika zonse pamodzi, MBRS tikuipatsa mamalikisi apamwamba, kuchotsapo nkhani ya chilankhulo. Msonkho Online ndi chida chabwino kwa yemwe ali ndi womusungira mabuku, koma ndi yoopsa kwa wodziyendera yekha wosadziwa masiku ake. Khonsolo ndiyo yatsalira. Kwa yemwe akuyamba, dongosolo lomwe limawononga ndalama zochepa ndi ili: funsani khonsolo za malo, lembetsani dzina pa MBRS ndi imelo yanu, tsegulani akaunti ya kubanki, tengani TPIN ndi mitundu yokhayo ya misonkho yomwe ikukukhudzani, kenako layisensi. PAYE ndi penshoni zibwere mwezi womwe wantchito woyamba akuyamba, VAT ibwere malonda akafika pamalire.

Bizinesi ikagwa, monga zimachitikira zambiri, kutseka chitseko ndi loko sikutseka mafayilo. TPIN imapitiriza kuyembekezera malipoti, ndipo kampani imapitiriza kuwerengeredwa malipoti a pachaka ku Registrar General. Lemberani MRA kalata yopempha kuti mitundu ya misonkhoyo iimitsidwe, tumizani malipoti omaliza, dziwitsani khonsolo ndi kampani ya penshoni, ndipo sungani makope odindidwa a makalata onsewo. Mukapanda kutero, zindapusa za bizinesi yakufayo mudzazipeza pa dzina lanu tsiku lomwe mudzafune chiphaso cha msonkho cha bizinesi yatsopano.